Nkhono za Abiti Uladi

Dzina la azakhali anga ndinakumana nalo pakhoma la kalasi ku Glasgow. Mphunzitsi wathu, mzungu wa chimfine chosatha, ankafotokoza mmene amachotsera RNA m'zamoyo zoterera, ndipo pansi pa chithunzi panalembedwa kuti Uladi ndi anzake. Dzinalo analitchula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anati njira imeneyi masiku ano aliyense amaigwiritsa ntchito, moti ambiri anaiwala kuti panali munthu amene anaiyambitsa. Munthuyo ine ndinkamudziwa. Ndi mlongo wa bambo anga, amene ankandikoka khutu ndikadya ndi manzere.

Kuno ku Lungwena palibe amene amati Dokotala Shakila Uladi. Ndi Abiti Uladi, mkazi wa Che Hafiz atelala. Ena amangoti mayi wa nkhono. Munthu akabwera ndi mwana wotentha thupi, iwo amamuuza kuti si dokotala wa jakisoni, athamangire kuchipatala, ndipo munthuyo amachoka akudzifunsa mokweza kuti nanga sukulu yonse ija inali ya chiyani.

Anabadwira kwa Mponda, nthawi imene makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kusukulu abwerako ndi dzina lina. Agogo anatumiza bambo anga okha. Shakila ankangowatsatira, n'kumakhala panja pafupi ndi zenera, mpaka mphunzitsi anatopa kumuthamangitsa. Bambo anga anasiyira panjira n'kupita ku Joni, kumene ine ndinakulira. Iye anapitirira: sekondale, Zomba, kenako Ulaya, kumene anakhalako mpaka imvi zinayamba.

Za RNA anandifotokozera kamodzi kokha m'Chichewa, akusenda chinangwa. Anati DNA ndi buku la m'nyumba, silituluka. RNA ndi uthenga umene umatumidwa kuchokera m'bukumo, ukanena zoti zichitike, kenako umafufutidwa. Ukafuna kudziwa zimene chamoyo chikuchita lero, uyenera kuugwira uthengawo usanafufutidwe.

"Koma ndi usipa wauwisi," anatero. "Ukangouvuula, yamba kuthamanga. Ukachedwa, nyama yomweyo imene wautengamo imaudya. Pokhapokha uuumitse gwa."

Chimene chinawabweza kumudzi ndi matenda a mayi awo, koma chimene chinawakhazika ndi likodzo. Ali mwana anakodzapo magazi ngati ana ena onse a m'mbali mwa nyanja. Tizilombo take timakulira m'nkhono. Koma iwo anaona kuti m'bango limodzi, nkhono za mtundu umodzi, zina zimalola tizilomboto ndipo zina zimakana. Ankakhulupirira kuti yankho lili mu tinthu tating'onoting'ono ta RNA timene timazimitsa uthenga wina. Kuti atsimikize, ankafunika nkhono za nyengo zambiri, za mvula ndi za chilimwe, za zaka zimene nyanja inakwera ndi zimene inaphwa.

Poyamba anali ndi bungwe lina, galimoto, ndi kachipinda kotchedwa labotale. Bungwelo linatha mmene mabungwe amathera: msonkhano ku hotela, masikipa, zikomo kwambiri. Anawasiyira firiji imodzi, yozizira kuposa za m'magolosale. Anaitengera kunyumba, anaiika m'kakhonde ka m'kati, anaika sola padenga ndi mabatire pansi, n'kupitiriza okha. Kunja anthu ankatchulabe pepala lawo lakale la kafukufuku wa njira ija m'mapepala awo, koma makalata owaitana kumisonkhano anayamba kuchepa, kenako anasiya. Munthu wokhala kumene netiweki imafuna kukwera pachulu amaiwalika msanga.

Anakwatiwa mochedwa, ndi Che Hafiz, bambo wamasiye wa makina osokera pamsika. Ndi iwo ankawakweza panjinga m'mamawa kupita kumadooko, Abiti Uladi atanyamula sefa ndi chidebe, ana akukuwa m'mbuyo kuti ndiwo zapezeka. Ndi iwonso ankayang'anira firiji. Akachoka ku swala iliyonse, mapemphero a kumzikiti, ankadutsa pomwepo n'kuona nambala ya kuzizira.

"Mkazi wanga ali pamitala," ankauza alendo. "Mwamuna wamkulu ndi uyu. Ine ndine wamng'ono, ntchito yanga n'kumupukuta thukuta."

"Iyeyu sandifunsa tiyi," ankayankha azakhali.

M'firijimo munali mabokosi oyera, ndipo m'bokosi lililonse timachubu, ndipo m'kachubu kalikonse nyama ya nkhono imodzi, youma gwa kuyambira tsiku limene inagwidwa. Zaka zawo zonse za ku Lungwena zinali mmenemo. Chaka chatha, wophunzira wawo wakale wa ku Ulaya, pano mkulu wa labotale yakeyake, anavomera kuziyeza zonse ndi makina ake. Anagwirizana kuti mu Disembala Agatha, mtsikana wa ku Rumphi amene amaphunzira ku Blantyre ndipo azakhali ankamuthandiza, abwera ndi ayezi wouma n'kuzitumiza pandege. Likanakhala pepala lawo loyamba lonena za nyanja ya kwawo. Chimene chinatsala n'chakuti mabokosiwo asasungunuke mpaka Disembala.

Ine ndinafika mu Juni. Sukulu ya ku Glasgow ndinali nditaisiya, ku Durban sindinkafunako, ndipo ndinauza aliyense kuti ndikhala masabata awiri. Chilichonse chinkandinyong'onya: moni wotalika, minibasi yodikira kudzadza, anthu ondifunsa kuti ndine mwana wa yani ine nditangofunsa njira. Chiyao changa ana ankachiseka. Komabe sindinachoke, chifukwa kwina kopita kunalibe.

Che Hafiz anamwalira mu Okutobala, dzuwa lija limene ngakhale mbuzi zimasowa pogona. Anagwa pamakina cha m'ma teni m'mawa, phazi lili pachopondera. Pofika swala ya masana anali atasambitsidwa n'kukulungidwa m'nsanda, ndipo dzuwa lisanapendeke kwenikweni tinali titabwerako kumanda. Kumene ndinakhalako maliro amadikira sabata, anthu amatumizirana makadi. Kuno ndinapezeka ndanyamula jeneza, chonyamulira maliro, paphewa ndisanamvetse n'komwe kuti munthuyo wapita.

Azakhali analowa eda. Mkazi amene mwamuna wake wamwalira amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayendayenda. Masiku oyambirira amakhala pamkeka kuchipinda, amayi atamuzungulira, ndipo nyumba imayendetsedwa ndi ena. Namfedwa safunsidwa kuti mchere uli kuti, mapoto agwiritse ati, alendo agone pati. Kumufunsa zotero n'kusowa khalidwe. Zonse zinagwera a Zena, mchemwali wa malemu, mayi wojintcha wa mawu a pamsika, amene makiyi onse a m'nyumba anawamanga pangodya ya chitenje chawo.

Amunafe malo athu anali panja, pansi pa mtengo wa mango. M'nyumba munadzaza amayi, ndipo mwamuna sangamangolowamo. Ndikadutsa pafupi ndi zenera la kakhonde ndinkamva firiji ikulira monga mwa masiku onse, n'kubwerera kukakhala.

Tsiku lachitatu linali la sadaka, pamene anthu amasonkhana kupempherera malemu n'kudya limodzi. M'mawa ndinaona amayi awiri akutuluka m'nyumba atanyamulizana beseni. Munali nyama ya mbuzi, yoyera ndi chisanu, ikufuka nthunzi. Mmodzi anaigogoda ndi mpeni n'kuseka.

"Iyi ndi nyama kapena njerwa? Tiphika mawa iyi."

Ndinalowa osaodira. Nditatsegula firiji ndinapeza miyendo ya mbuzi, chiwindi m'jumbo, ndi mabotolo a madzi. Bokosi loyera panalibe ngakhale limodzi.

A Zena ndinawapeza kuseri akugawa mpunga.

"Anti, mabokosi a m'firiji ali kuti?"

"Moni kaye, Sadik. Kapena ku Joni anathetsa?"

"Mwadzuka bwanji, anti. Mabokosi ali kuti?"

"Ali pabwino. Usade nkhawa."

"Pabwino pati? Munawachotsa liti?"

"Tsiku lomwe lija. Achimwene a Atumani anabwera ndi mbuzi zozingazinga kale kuchokera ku Nkope, poganiza kuti anthu adya tsiku la maliro. Ashehe anati ayi, zidikire sadaka. Ndiye ndi dzuwa ili nyama tikanaiika kuti? Mudzi wonse magetsi kulibe. Tiitaye?"

"Munawafunsa azakhali?"

Anasiya mbale n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, munthu mwamuna wake ali m'nsanda, ine ndikamugwedeze paphewa kuti alamu, firiji? Unaleredwa ndi ndani? Ndinafunsa a Atumani, mkulu wa malemu. Anati sadaka ndi ya mwamuna wawo, sangakane."

"Zinthu zimene zija siziyenera kutentha!"

"Tsitsa mawu, pano ndi pamaliro. Ukuganiza kuti ndinaziponya pabwalo? Ndikudziwa kuti ndi ntchito ya alamu. Ndinasamba m'manja kaye. Palibe mwana amene wazikhudza, ngakhale ntchentche."

Ananditengera kuchipinda chosungira katundu, chopanda siling'i, malata ake ongofikira ndi dzanja. Anamasula kiyi pachitenje n'kutsegula thiranki yachitsulo ya malemu. Pamwamba panali mkanjo wa Che Hafiz wa pa Idi. Pansi pake panali mabokosi, atasanjidwa bwinobwino, atakulungidwa m'chitenje chatsopano chimene chinali chisanachapidwepo. Chitenjecho chinali chitanyowa n'kuumanso. Nditagwira bokosi limodzi, linali lofunda ngati buledi.

"Waona?" anatero a Zena. "Onse alipo. Werenga."

Ndinatenga bokosi limodzi n'kupita kuchipinda kwa azakhali. Amayi anandiyang'ana moipidwa koma anandipatsa njira, poti ndine mwana wa mchimwene wawo. Azakhali anali atatsamira khoma, atafunda nsalu yoyera, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja. Ataona bokosi lili m'manja mwanga popanda ayezi, anaika tasibihi pansi. Anatambasula dzanja. Anatulutsa kachubu kamodzi n'kukayang'anitsa chakuzenera. Nyama ija, imene inkakhala yolimba ngati kamwala, inali madzi abulauni. Anatsegula, ananunkhiza, anatseka.

"Kuyambira liti?"

"Tsiku la maliro."

"Onse?"

"Onse."

Ndinkadikira kuti akuwe, kapena adzuke. Anangobweza kachubu pamalo pake, n'kuonetsetsa kuti nambala yake yayang'ana kutsogolo ngati tinzake.

"Nyama ya mbuzi yatuluka yonse m'firiji?"

"Yatsala pang'ono."

"Ikatuluka, bwezeretsa mabokosi. Usakankhe munthu. Ukatero umuimbire Agatha." Kenako anatembenukira kwa mayi amene anali pafupi akupemphera. "Pepani, pitirizani dua."

Sadaka inayenda bwino. Anthu anadya, anayamikira kuti nyama inali yofewa, ashehe anapemphera nthawi yaitali. Ine ndinakhala pamkeka ndikuwerengera m'mutu maulendo a pandege ochoka ku Chileka.

Madzulo ake ndinawauza azakhali kuti apite okha ku Blantyre akayeze. Ndinali nditafufuza kale pafoni, ndipo ndinawaonetsa kuti ngakhale malamulo achipembedzo amalola mkazi wa pa eda kutuluka masana pakakhala chifukwa chachikulu.

"Ukundiphunzitsa Chisilamu cha pafoni?" anatero, n'kumwetulira pang'ono koyamba chimwalirireni amuna awo. "Ndikudziwa. Ashehe akhoza kundilola. Koma ndikaone chiyani chimene mphuno sinandiuze? Apite nazo Agatha. Ayenera kuphunzira mmene zakufa zimaonekera."

Agatha anabwera pa minibasi ndi kabokosi ka ayezi. Anagwada pakhomo la chipinda, anapepesa maliro m'Chichewa chake cha Chitumbuka, kenako awiriwo anayamba kusankha timachubu, tiwiri titatu m'bokosi lililonse, makamaka ta pakati pamene mwina kutentha kunachedwa kufika. Ankalankhula motsitsa ngati anthu osankha nyemba. Pochoka Agatha anali ndi chiyembekezo. Anati mwina za pakati zapulumuka, anawerengapo kuti zimatheka.

"Zimatheka," anatero azakhali. "Uyende bwino, mwanangu."

Chithunzi chinafika pafoni patatha sabata. RNA ikakhala yamoyo, pachithunzi chotero pamaoneka mizere yowala, yodukadukiza bwino. Apa panali chifunga chokhachokha, chotsetserekera pansi, kuyambira kachubu koyamba mpaka komaliza. Azakhali anavala magalasi, anakulitsa chithunzicho ndi zala, anayenda nacho pang'onopang'ono mbali zonse. Anatenga nthawi, ngati mmene munthu amayang'anira nkhope ya m'bale wake asanamuphimbe.

"Wayeza bwino mtsikanayu," anatero. "Manja ake ndi oyera. Umuuze zimenezo."

"Tiyambirenso, azakhali. Ine ndilipo. Njinga ndikhoza kupalasa."

"Iwe amene chikwama chako sunamasule n'komwe?"

"Ndikunena zoona."

"Ndakumva. Koma nkhono za chaka chimene nyanja inalowa m'minda uzitenga kuti? Za chaka cha chilala chija? Madzi amene aja anapita ku Shire kalekale. Ukayamba lero, udzakhala ndi zimene ndinali nazo iweyo uli ndi imvi, ine ndili kwa Che Hafiz." Anavula magalasi. "Ndiponso mawondo anga atopa ndi matope, Sadik. Ndinkangodikira Disembala kuti ndikhale pansi. Ndakhala pansi msanga, basi."

Anandiuza kuti ndilembe uthenga kwa wophunzira wawo wakale uja, iwo akunena ine ndikutayipa. Unali waufupi. Nkhono zonse zawonongeka ndi kutentha, malo amene anatisungira pamakina apatse ena. Agatha ndi wakhama, ngati kungapezeke mpata wa miyezi ingapo amuganizire, ayambe funso lakelake. Ndinafunsa ngati ndifotokoze mmene zinachitikira.

"Ufotokoze kuti chiyani? Kuti mbuzi? Akaseke pa tiyi, kenako atimvere chisoni? Lemba zimene ndanena."

Ndinatumiza. Yankho linabwera tsiku lomwelo, lodzaza mapepani, ndipo iwo sanafune kuti ndiliwerenge mpaka kumapeto.

A Zena anali asanabwerere kwawo, poti namfedwa sasiyidwa yekha. Chiyambire tsiku la sadaka ine ndi iwo tinkangopatsana moni. Tsiku lina masana ndili pakhomo la chipinda ndikukonza chingwe cha fani, analowa ndi tiyi, anaika pansi, koma sanatuluke. Anakhala pamkeka n'kuwongola miyendo.

"Alamu, mwana wa achimwene anuyu akundiyang'ana ngati ndinaba nkhuku. Mtsikana uja wabwera, wapita. Inu simukunena kanthu. Zinthu zanu zija zili bwanji?"

Ndinaganiza kuti azakhali anena kuti zili bwino. Kuno anthu amatero, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimanditopetsa.

"Zinafa, alamu."

"Zinafa bwanji? Si zinali zakufa kale? Si nkhono?"

"Nkhono zinali zakufa. Chimene ndinkasunga m'kati mwake chimafuna kuzizira. Chikafunda tsiku limodzi, chapita."

"Ndiye simungazibwezere m'firiji?"

"Zili momwemo. Koma nsomba ikaola, ayezi saibweza."

A Zena anayang'ana ine. Kenako anayang'ana kiyi wa thiranki amene anali akadali pachitenje chawo.

"Za zaka zonse zija? Zimene achimwene ankakukwezerani panjinga?"

"Zomwezo."

"Ine ndinazikulunga m'chitenje chatsopano."

"Ndinamva. Sadik anandiuza."

"Astaghafirullah." Mawu awo a pamsika aja anali atachepa. "Nanga bwanji simunanene, alamu? Mukanangoti firiji musaikhudze. Liwu limodzi."

"Sindinaikumbuke. Masiku atatu amene aja sindinaikumbuke ngakhale kamodzi. Amene ankaikumbuka ndi amene tinakaika." Azakhali anakoka kapu ya tiyi. "Inunso mukanandifunsa."

"Namfedwa safunsidwa."

"Eya. Safunsidwa."

A Zena anayamba kulira, osati mokweza ngati pamaliro, koma mwa munthu wamkulu amene sakufuna kuti ana amve. Azakhali sanawatonthoze, sanawauzenso kuti palibe kanthu. Anawasiya alire, iwo akumwa tiyi pang'onopang'ono. Patapita nthawi anandiitana.

"Sadik, siya fani. Kakumbe dzenje kuseri kwa bafa, lakuya, agalu asafukule. Timachubu utsanulire momwemo, kenako tiwiritsidwe. Agatha adzatifuna."

A Zena anapukuta m'maso ndi ngodya ya mpango.

"Mwana ameneyu khasu amalidziwa? Adzidula phazi, tikhalenso ndi maliro ena." Anadzuka movutikira, atagwira khoma. "Bweretsa kuno khasulo, iwe wa ku Joni. Iwe ukatenge mabokosi."